Teletype Corporation: Kampani Imene Inkadalira Manja a Okonza Makina

Kwa zaka zoposa 50, nkhani zikuluzikulu za dziko lapansi zinkafika m'nyumba zoulutsira mawu ndi m'maofesi a nyuzipepala zikuchita phokoso. Pakona pa chipinda pankakhala makina akuda, olemera moti munthu mmodzi sakanawanyamula, okhala ndi mabatani a taipilaita koma olemba okha popanda wowagwira. Wina akalemba ku New York, zilembo zomwezo zinkatuluka papepala ku Chicago, ku San Francisco ndi m'mizinda ina yambirimbiri nthawi yomweyo. Makina amenewa ndi teleprinter, ndipo ku America ambiri mwa iwo ankachokera ku kampani imodzi, Teletype Corporation ya ku Chicago.

Olemba mbiri ya kampaniyi amakonda kuyamikira akatswiri amene anatulukira makinawo, ndipo akatswiriwo ngoyeneradi ulemu. Koma makina a tizitsulo tosawerengeka, ozungulira usana ndi usiku, sangakhalitse chifukwa cha nzeru za wowatulukira zokha. Pamafunika wina wobwera ndi kabotolo ka oilo ndi kasikelo m'chikwama, wodziwa kuti sipuling'i iyi yatopa, mpata uwu wakula. Mmene ine ndikuonera, chimene chinakweza Teletype n'chakuti inamanga ntchito yake yonse ikuganizira munthu ameneyu.

Ndalama zoyambira zinachokera ku mchere. Joy Morton anali mwini bizinesi yaikulu ya mchere ku Chicago, imene mpaka lero imadziwika ndi dzina la Morton Salt. Mu 1902 injiniya wachinyamata wa zamagetsi, Frank Pearne, anapita kwa iye kukapempha thandizo kuti apange makina a telegalafu otha kusindikiza okha zilembo. Masiku amenewo uthenga wa pawaya unkayenda ndi zizindikiro za Morse, ndipo mbali zonse ziwiri kunkafunika munthu wophunzitsidwa bwino, uyu wogogoda, uyo womvetsera n'kumalemba. Morton sankadziwa zamagetsi, choncho anafunsa nzeru kwa Charles Krum, injiniya wa pa Western Cold Storage Company, kampani yosunga katundu m'zipinda zozizira. Krum anati nkhaniyo ndi yomveka. Pearne anapatsidwa malo ogwirira ntchito m'chipinda cha kudenga kwa nyumba ya kampaniyo, koma patangotha pafupifupi chaka anagwa ulesi n'kupita kukaphunzitsa. Krum ndiye anatsala nayo ntchitoyo. Mu 1906 mwana wake Howard, atamaliza maphunziro a zamagetsi, anadzathandizana ndi bambo ake, ndipo kampani imene inabadwa anaitcha Morkrum, kuphatikiza mayina a mabanja awiriwo.

Vuto limene linkasowetsa tulo aliyense wofuna kupanga makina otere linali la nthawi. Chilembo chilichonse chimayenda pawaya chili tizigawo 5 totsatana, kagawo kalikonse kali ndi magetsi kapena kopanda magetsi. Tizigawo 5 timangopereka mitundu 32 ya kasanjidwe, yosakwanira zilembo ndi manambala omwe. N'chifukwa chake pali mabatani awiri apadera, lina louza makina kuti zikubwerazi ndi zilembo, lina kuti ndi manambala ndi zizindikiro. Tsono kuti makina olandira amve bwino, ayenera kudziwa nthawi yeniyeni imene kagawo koyamba kathera ndi pamene kachiwiri kalowera. Mota ziwiri, ina ku Boston ina ku New York, sizingazungulire mofanana ndendende. Kusiyana kochepa kumaunjikana, ndipo posakhalitsa papepala pamangotuluka zopanda mutu. Njira imene Howard Krum anaikhazikitsa inali yoti makina olandira aziima akamaliza chilembo chilichonse. Patsogolo pa tizigawo 5 tija pamabwera kagawo kodzutsa makina, pambuyo pake kagawo kowaimitsa. Potero kusiyana kwa liwiro sikupeza mpata wokula, pakuti chilembo chilichonse chimayamba mwatsopano. Njira yomweyi ikugwirabe ntchito lero m'zipangizo zambiri zolumikizidwa ku makompyuta, mmene mulibe giya ngakhale imodzi.

Mu 1908 makina a Morkrum anayesedwa pa mawaya a kampani ya njanji ya Chicago and Alton, ndipo mu 1910 Postal Telegraph Company inawaika pakati pa New York ndi Boston. Associated Press inayamba kutumizira nkhani pa makinawa mu 1914. Ku New York kunali mpikisano woopsa kuchokera kwa Edward Kleinschmidt, wobadwira ku Germany, amene naye anali ndi makina ake ndi ziphaso zoteteza luso lake. M'malo motherana ndalama m'makhoti, mbali ziwirizi zinaphatikizana kumapeto kwa 1924 n'kukhala Morkrum-Kleinschmidt. Dzinali silinakhalitse: kumapeto kwa 1928 kampani inatenga dzina la makina ake n'kukhala Teletype Corporation. Mu 1930 American Telephone and Telegraph (AT&T) inaigula ndi masheya a madola 30 miliyoni n'kuiika pansi pa Western Electric, nthambi yake yopanga zipangizo.

Kugulidwa kumeneku ndiko kunaumba khalidwe la kampaniyi. Makampani a lamya a Bell, omwe anali pansi pa AT&T, sankagulitsa zipangizo kwa kasitomala wamba. Ankabwereketsa, kasitomala n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Mu November 1931 anatsegula TWX, njira yoti ofesi iliyonse yokhala ndi teleprinter izitha kulumikizidwa ndi inzake monga zimakhalira ndi lamya. Makina amene anali mu ofesi ya kasitomala anali akadali katundu wa kampani ya lamya, ndipo akafa usiku, yotuma mekaniki ndi kulipira ulendo wake inali kampani yomweyo. Wogulitsa n'kuchoka sadandaula katundu akatha msanga. Wobwereketsa amafuna chinthu choti chikhale zaka zambirimbiri, chosavuta kutsegula, choti mekaniki wa m'tauni yaing'ono ya ku Nebraska achikonze mofanana ndi mnzake wa ku New York.

Model 15, imene inatuluka mu 1930, inagwirizana bwino ndi kaganizidwe kameneka. Inapangidwa mpaka 1963, ndipo makina onse a mtunduwu anakwana pafupifupi 200,000. Belu lake likalira kangapo motsatizana, atolankhani ankasiya zonse n'kuthamangira pepala, podziwa kuti kwagwa nkhani yaikulu. Pepala silinkayenda cham'mbali. Dengu la timikono ta zilembo ndilo linkayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Chofunika kwa mekaniki chinali chakuti makinawo ankagawika: mbali yolemba, kiyibodi, mota ndi tsinde. Mbali yolemba inkachoka pomasula masikuluwu ochepa ndi zala, moti ikavuta ankaikapo ina, nkhani n'kumapitirira, yodwalayo n'kupita nayo pa benchi.

Ndiye panali mabuku. Mtundu uliwonse wa makina unkatuluka ndi buku lofotokoza mmene umagwirira ntchito, buku la zida momwe kachitsulo kalikonse kanajambulidwa ndi kupatsidwa nambala yake, ndi malangizo a katchunidwe ndi kathiridwe ka oilo. Masamba a katchunidwe ndiwo ankada ndi zala. Tsamba ndi tsamba, amasonyeza chithunzi cha malo amodzi, muyeso wofunika pamalopo, ndi sikuluwu yoyenera kumasula kuti muyesowo upezeke. Mipata inkapimidwa m'magawo a inchi yogawidwa ka 1,000, ndi timapale tachitsulo topyapyala tolowetsa pakati. Pepala wamba lolembapo ndi lochindikala pafupifupi magawo 4 otere. Mphamvu ya sipuling'i inkapimidwa m'maaunsi ndi kasikelo kokoka. Buku limanena pokolowekera, mbali yokokera, ndi kuti uwerenge pa nthawi imene kachitsulo kangoyamba kusuntha. Sipuling'i yolephera muyeso sinkadulidwa kapena kunyutulidwa kuti ikwane. Inkatayidwa, n'kuikapo yatsopano ya nambala yomweyo. Miyesoyo inasanjidwanso motsatana mwadala, chifukwa ukasuntha pano wasokoneza malo ena angapo kutsogolo. Wophunzira wopupuluma, amene wangoona chilembo chikulakwika n'kuthamangira sikuludiraiva, ankatha tsiku lonse akulimbana ndi vuto limene walipanga yekha. Kampani sinabise nzeru zimenezi m'fakitale. Inazisindikiza, n'kumatulutsa masamba atsopano chida chikasintha.

Tiyeni timuone mekanikiyo ali pantchito. Choyamba ndi liwiro la mota. Kumene magetsi a m'nyumba anali odalirika, ankaika mota yotsatira kugunda kwa magetsiwo, yosafuna kutchuna. Koma m'misasa ya asilikali ndi kwina kodalira jenereta, mota inkakhala ndi gavanala, kachipangizo kodula ndi kulumikiza magetsi kuti liwiro lisapyole muyeso. Pa gudumu la motayo pankakhala mzere wa madontho akuda ndi oyera. Mekaniki ankatulutsa kachitsulo ka mphanda konjenjemera ka 87.6 pa sekondi, kokhala ndi timapale tiwiri tong'ambidwa kunsonga kwake. Akakamenya pachikhatho, ankasuzumira pa kampata ka timapaleto kuyang'ana madontho aja mota ili mkati mozungulira. Madontho akamaoneka akutsetserekera kumene mota ikuzungulira, ndiye kuti yathamanga. Akamabwerera m'mbuyo, yachedwa. Iye ankapotoza kagudumu ka gavanala pang'onopang'ono mpaka madontho aime nji pamalo amodzi. Panalibe mita kapena batire, diso ndi kachitsulo basi.

Akachoka apo ankafika pa mtima wa makinawo, maginito osankha zilembo. Pa liwiro lofala ku America, limene ankalitcha la mawu 60 pa mphindi, kagawo kalikonse ka magetsi kamatenga magawo 22 okha mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo chilembo chonse chimatha m'magawo 163. Makina samvetsera kagawo konse. Amangokhudza pang'ono penapake mkati mwake, n'kuona ngati maginito agwira kapena ataya. Akakhudza m'mphepete, pamene magetsi akungoyamba kukwera kapena kutsika, amalakwitsa, makamaka ngati waya ndi wautali ndipo zizindikiro zapotoka panjira. N'chifukwa chake pambali pa maginitowo pali kamkono koyenda pa sikelo yolembedwa kuyambira 0 mpaka 120, kosuntha nthawi ya kukhudzako. Mekaniki ankapempha mnzake wa kutsidya kuti atumize zilembo R ndi Y mosinthanasinthana. Zilembo ziwirizi sizinasankhidwe mwachisawawa. Pamene R ali ndi magetsi, Y alibe, ndipo pamene R alibe, Y ali nawo, moti tizitsulo tonse tosankha timakakamizika kusintha mbali pa chilembo chilichonse, ndipo chofooka chilichonse chimaonekera poyera. Mzere wa RYRYRY uli mkati motuluka, iye ankatsitsa kamkono kaja mpaka zolakwika ziyambe, n'kulemba nambala. Ankakakweza mpaka zolakwika ziyambenso, n'kulembanso. Kenako ankakamangira pakati penipeni. Aliyense amene anasakapo siteshoni pa wailesi yakale ya kagudumu, kupita uku mpaka mawu asokonekere, kubwerera uko mpaka asokonekerenso, nzeru imeneyi akuidziwa.

Koma manambala awiriwo ankanenanso zina. Mpata pakati pawo ukakhala waukulu, makina ali bwino ndipo waya ali bwino. Ukachepa poyerekeza ndi ulendo wapita, ndiye kuti china chayamba kutha, ngakhale kasitomala sanaonebe cholakwika chilichonse papepala. Apa m'pamene ntchitoyi ndimaivulira chipewa: munthu ankapeza matenda makina asanagone.

Za oilo nazo zinali ndi malamulo ake. Makilatchi a Model 15 ankagwira ndi timawashala ta nsalu yochindikala ya ubweya tonyowetsedwa ndi oilo. Oilo akatha timapsa n'kuuma gwa, kilatchi imayamba kuterereka kapena kugwira mwankhanza, ndipo zilembo zimasokonekera. Buku linkasonyeza malo ofuna dontho limodzi, ofuna madontho awiri, ofuna kukhutitsidwa, ndi ofuna girisi. Mtundu wa oilo ndi wa girisi unalinso ndi nambala zake, KS-7470 ndi KS-7471. Koma oilo yemweyo akafika pankhope pa maginito kapena pa timilomo tamagetsi ta kiyibodi amasanduka mdani. Kachitsulo kokokedwa ndi maginito kamamatirira, n'kuchedwa kubwerera mwa kanthawi kosaoneka ndi maso koma kokwanira kusandutsa chilembo kukhala china. Mankhwala ake anali kapepala koyera, kokokedwa pakati pa maginito ndi kachitsuloko mpaka katuluke kopanda banga. Khutu nalo linali chida. Waya akaduka penapake, makina amangogwedera osaima, osalemba kanthu, chifukwa amayesa kuti akulandira chizindikiro chodzutsa chosatha. Wodziwa ntchito ankamva phokosolo ali pakhomo n'kuyamba kufufuza waya, asanagwire sikuluwu ngakhale imodzi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inachulukitsa zonse. Asilikali a America anadalira Model 15 ndi m'bale wake Model 19, wokhala ndi choboolera tepi ya pepala, kulikonse kumene anakamenya nkhondo. Kampaniyi inkapanganso SIGABA, makina obisa mauthenga, amene palibe umboni woti adani anakwanitsa kuwathyola nkhondo yonse. Anyamata ambirimbiri anaphunzitsidwa kukonza teleprinter m'masukulu a asilikali, ndipo kampani nayo inkaphunzitsa amakaniki a makasitomala ake. Nkhondo itatha, ambiri anabwerera kwawo ndi luso m'manja n'kukalowa ntchito m'makampani a lamya, a njanji, a ndege ndi otumiza nkhani.

Mavuto amene amakanikiwo ankakumana nawo anayankhidwa mu Model 28, imene inayamba kutuluka mu 1951, oyamba kulandira ali asilikali. Dengu lolemera la timikono ta zilembo linachotsedwa. M'malo mwake munabwera kabokosi kakang'ono ka zilembo kosuntha uku ndi uku, kamene nyundo imodzi imakamenya kumbuyo, ndipo kamachoka ndi zala popanda chida. Makina oikidwa m'sitima zapamadzi sankasokonezekanso sitimayo ikapendekeka pamafunde. M'malo mwa makilatchi a ubweya aja munalowa achitsulo okhaokha, amene akamasuka sakhulana, motero makina ankagwira nthawi yaitali asanafunenso oilo. Kusintha magiya kunkakweza liwiro kuchoka pa mawu 60 kufika 75 kapena 100 pa mphindi. Kumbuyo kunali bokosi la timipiringidzo totha kuzindikira mndandanda wa zilembo n'kuchitapo kanthu, monga kuliza belu, kuyatsa makina ena, kapena kunyalanyaza uthenga wopita ku ofesi ina. Ambiri amene anagwirapo makina onsewa amati Model 28 ndiyo pachimake pa luso la kampaniyi, ndipo ine sindiona chifukwa chowatsutsira. Cha m'ma 1960 kampani inakhazikika pa fakitale yaikulu ku Skokie, kumpoto kwa Chicago, ndipo inali ndi inanso ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas.

Umboni wa mmene dziko linkadalirira makinawa uli m'pangano limene America ndi Soviet Union anasainirana ku Geneva pa 20 June 1963, miyezi ingapo chichitikireni mkangano wa mizinga ya ku Cuba. Anthu ambiri amaganiza kuti njira yachangu yolumikiza Washington ndi Moscow inali lamya yofiira. Ayi, inali teleprinter, chifukwa mawu olembedwa amapatsa munthu mpata woganiza, ndipo womasulira amatha kuwerenga kawiri. Waya wake ankadutsa ku London, Copenhagen, Stockholm ndi Helsinki. America inatumiza ku Moscow makina a Teletype a zilembo zachilatini, Soviet Union n'kutumiza ku Washington makina a zilembo zachirasha. Chimene chimandisangalatsa m'panganolo ndi ndime yonena kuti mbali iliyonse ipereke, pamodzi ndi makinawo, zida zosinthira zokwana chaka chimodzi, zipangizo zapadera zokonzera ndi zoyesera, komanso mabuku ake. Akuluakulu a mayiko awiri odana anakhala pansi n'kukumbukira mekaniki. Njirayi inatsegulidwa pa 30 August 1963, inkayesedwa ola lililonse usana ndi usiku, ndipo pamene nkhondo ya masiku 6 inabuka ku Middle East mu June 1967, inagwira ntchito yake.

Chaka chomwecho cha 1963 kunatuluka makina amene anatchukitsa kampaniyi kuposa ena onse, komanso amene anapatuka pa mwambo wake: Model 33. Ankagwiritsa ntchito ASCII, ndondomeko yatsopano ya zilembo ya tizigawo 7 imene makompyuta anaitengera, ndipo ankalemba zilembo 10 pa sekondi. Anapangidwira ntchito yopepuka ya mu ofesi, maola ochepa patsiku. Munali pulasitiki wambiri, zitsulo zambiri zinali zosalimbitsidwa ndi moto, ndipo malo ena ankatchunidwa popinda kachitsulo m'malo momasula sikuluwu. Wofuna makina a usana ndi usiku ankagula Model 35, yomangidwa pa maziko a Model 28, pa mtengo wokwera kwambiri. Koma kutchipa kwa Model 33 kunakumana ndi nthawi imene makompyuta ang'onoang'ono ankafuna chipangizo cholembera ndi chowerengera tepi, ndipo makampani ngati Digital Equipment Corporation ankaigulitsa pamodzi ndi makompyuta awo. Pofika 1975, Model 33 pamodzi ndi inzake Model 32 ya tizigawo 5 zinali zitapangidwa zoposa 500,000. Bill Gates ndi Paul Allen anaphunzira kulemba mapulogalamu pa makina otere ku sukulu ya Lakeside ku Seattle kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie ankagwiritsa ntchito Model 33 ku Bell Labs pamene ankalemba pulogalamu ya Unix. Makina opangidwira maola ochepa anayamba kugwira tsiku lonse m'mayunivesite, ndipo amene anasenza mtolowo ndi amakaniki.

Pali nthambi ina ya mbiriyi imene siyenera kuiwalika. Mu 1964 Robert Weitbrecht, katswiri wa sayansi amene anali wosamva, anapanga kachipangizo kolumikiza teleprinter ku lamya wamba kudzera pa chogwirira chake, molimbikitsidwa ndi James Marsters, dokotala wa mano yemwenso anali wosamva. Apa m'pamene anthu osamva anayamba kuimbirana lamya, akumalemberana. Makina atsopano anali odula, choncho ankadalira akale amene makampani monga AT&T ndi Western Union anali atawapumitsa. Bungwe la Teletypewriters for the Deaf linakhazikitsidwa mu 1968 kuti lizisonkhanitsa ndi kugawa makinawo. Anthu odzipereka, ena ochokera m'makampani a lamya, ena osamva eni ake amene anaphunzira ntchitoyo, ankawatsuka, kuwathira oilo ndi kuwatchuna asanakawaike m'nyumba za anthu. Izi zinatheka chifukwa makina a zaka 20 kapena 30 anali akadali otheka kukonzedwa, ndipo mabuku ake analipo.

Kugwa kwa kampaniyi sikunabwere chifukwa choti makina ake anaipa. M'zaka za m'ma 1970, ntchito imene inkachitika ndi magiya, timipiringidzo ndi masipuling'i inayamba kuchitika m'tizipangizo tamagetsi tosayenda, tosafuna oilo. Masikirini analowa m'malo mwa pepala, ndipo mapulinta olemba ndi timadontho anali achangu komanso a phokoso lochepa. Teletype inayesa kutsatira. Inatulutsa Model 40 ya sikirini ndi Model 43 yolemba ndi timadontho, ndipo anali makina abwino. Koma pa msika umenewu inali imodzi mwa makampani ambiri, ndipo chuma chake chenicheni, luso losula ndi kupima tizitsulo, sichinkafunikanso. TWX inali itagulitsidwa kale kwa Western Union. AT&T itagawidwa mu 1984 potsatira mlandu wa boma wokhudza kupondereza mpikisano, dzina la Teletype linayamba kuzimirira pansi pa dzina la AT&T, ndipo pofika 1990 kampaniyi inali itatha. Pamalo pa fakitale ya ku Skokie anamangapo masitolo a Village Crossing.

Kwathu kuno, amene anagwirapo ntchito ku positi, ku banki kapena m'makampani akuluakulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akukumbukira telex, njira ina yolumikizira ma teleprinter monga TWX, ndi nambala yake imene inkasindikizidwa pamutu pa kalata pambali pa nambala ya lamya. Kunja kwa America msika waukulu unali m'manja mwa makampani ena, monga Creed ya ku Britain, Siemens ya ku Germany ndi Olivetti ya ku Italy, ndipo liwiro la telex linali losiyana pang'ono, kagawo kalikonse magawo 20 m'malo mwa 22. Koma tizigawo 5, kudzutsa ndi kuimitsa, ndi kuyesa ndi RY, zonsezi zinali chimodzimodzi, ndipo kulikonse kumene kunali makina otere kunalinso munthu wowasamalira.

Lero makina a Teletype akulembabe m'nyumba zosungira zinthu zakale ndi m'manja mwa anthu owakonda, ena atadutsa zaka 80. Owadzutsa amadziwa kuti choopsa pa makina ogona nthawi yaitali ndi oilo wakale amene wauma n'kumata tizitsulo, komanso changu cha munthu wofuna kuona ngati akugwira. Pa Model 33, kamphira ka kunsonga kwa nyundo kamasungunuka ndi ukalamba, ndipo woyatsa osayang'ana amaononga zilembo chifukwa nyundo imazimenya ndi chitsulo chokhachokha. Choncho inu amene mungapeze teleprinter m'chipinda chosungira katundu ku ofesi kwanu, musathamangire kuiyatsa, ndipo musaipereke kwa ogula zitsulo zakutha. Yambani mwafufuza buku lake, zungulitsani mota ndi dzanja kuti mumve ngati pali pogwira, ndipo funsani ngati mkulu amene ankaisamalira akadali moyo. Mukawapeza, aitaneni adzaione, ndipo zimene anganene muzilembe.